Ethiopian Airlines: ulendo wa ku London kwa ochokera ku Mzuzu

Kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika pa bwalo la Heathrow ku London ndi makilomita pafupifupi 8,000. Ndege yosatera panjira ikanatha maola ngati 10, koma yotereyo kulibe. Ethiopian Airlines imadzera ku Addis Ababa, ndipo mtunda umakwera kufika pa makilomita pafupifupi 8,500: chigawo choyamba 2,600, maola ngati 4, chachiwiri 5,900, maola ngati 8.

Chomwe tikuiyamikira nacho ndi kulumikizana kwa ndege ziwirizi. Mumanyamuka ku Lilongwe masana, kutera pa bwalo la ndege la Bole ku Addis Ababa usiku, ndipo ya ku London imanyamuka pakati pa usiku patadutsa, n'kukafika m'mawa sitima ndi mabasi zitayamba kuyenda. Mukagula tikiti imodzi ya ulendo wonse, katundu amapita yekha mpaka ku Heathrow, ndipo ndege yoyamba ikachedwa, kampaniyo ndiyo imakupezerani malo pa ina. Matikiti awiri ogula padera alibe chitetezo chimenechi. Muonetsetsenso tsiku lomwe mwasankha, chifukwa masiku ena ndege imayamba yatera pa bwalo lina isanaloze ku Addis.

Pa Bole m'pamene pali potopetsa. Ndege zambiri zimanyamuka nthawi yofanana usiku, anthu amadzadza, mipando imachepa, ndipo mumasechedwanso musanafike pa geti. Madzi opitirira 100ml amatsala pomwepo. Mzinda wa Addis Ababa uli pamalo okwera mamita oposa 2,300, choncho juzi imene mumavala mu Juni ku Mzuzu isalowe m'sutikesi yaikulu.

Ambiri amasokonezeka ndi nthawi zolembedwa pa tikiti. Iliyonse ndi ya dziko lomwe ndege ili. Ethiopia ili patsogolo pathu ndi ola 1, pomwe London ili m'mbuyo ndi maola 2, kapena ola 1 kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala. Mukawerenga bwino, kuphatikizapo kudikira ku Bole, ulendo wonse ndi maola ngati 17.

Wa ku Mzuzu awonjezerepo msewu wa M1. Kudutsa Chikangawa, Jenda, Kasungu ndi Mponela ndi makilomita oposa 300, maola ngati 5 pa galimoto, ndipo nkhungu ya m'bandakucha ku Chikangawa sithamangirika. Ndiye pabwalo mufike kutatsala maola 3. Zonse pamodzi zimakwana tsiku lathunthu n'kupitirira. Basi ya m'mawa wa tsiku lomwelo musaidalire, kagoneni ku Lilongwe.

Pa katundu kampaniyi ili bwino: matikiti ambiri a njira iyi amalola zikwama 2 za 23kg chilichonse ndi chapamanja cha 7kg, komabe tsimikizani pa tikiti yanu. Chikwama chimodzi cha 30kg sichilowa m'malo mwa ziwirizo, mulipira. Power bank ikhale m'chapamanja. Usipa wouma wa ku Nkhata Bay amaulola ku Britain, koma nyama ndi za mkaka n'zoletsedwa.