Kalenzi kopanira pa foni aka, ndakayesa pa mavu a ku phiri

Ndakagwiritsa ntchito miyezi itatu tsopano ndiye ndinene zomwe ndaona. Ndinakagula mu tauni mommuno mu Zomba, kamakulo lenzi (kagalasi kokulitsa tinthu ting'onoting'ono pojambula) kotsika mtengo kongopanira pa kamera ya foni ngati pegi yoyanikira zovala, cholinga ndizijambulira mavu akuluakulu aja okhala ndi chinthu chachitali ngati ulusi kumbuyo. Anthu amati ndi mbola koma ayi, ndi choikira mazira, amakhala nacho ndi aakazi okha, amabowola nacho chipika nkuikira dzira pa mphutsi yomwe ikudya mtengo mkatimo, mwana akaswa ndiwo yake ndi mphutsi yomweyo.

Tsiku lomwe kanandisangalatsa ndinali kumtunda kwa damu la Mulunguzi, pa chipika chowola cha paini. Mavu atakweza chimimba m'mwamba, ulusi uja ataulozetsa pa khungwa, ali phee kubowola, ine chogona chamimba foni ili pafupi ngati masentimita atatu, mayi wina wotsika ndi nkhuni pamutu mpaka anaima nkufunsa kuti achimwene mwataya chani. Koma chithunzi chake eee, mitsempha ya phiko kuoneka umodziumodzi, mpaka kachigawo ka phikolo kooneka ngati mutu wa kavalo. Nditaika pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti lothandizana kuzindikira zamoyo, odziwa anagwirizana kuti ndi a banja la Ichneumonidae osati banja lina la mavu ofanana nawo la Braconidae, ndipo chosiyanitsa chake ndi mitsempha yomweyo, pa kamera ya foni payokha sindikanaiona. Mtundu weniweni sanatchule, banja limeneli lili ndi mitundu yodziwika yoposa 20,000 ndiye musayembekezere dzina lonse.

Vuto la kalenzika ndi mtunda wa masentimita atatu womwewo. Ukasuntha pang'ono basi zonse mbuu, ndipo mavu athunthu salowa mu chithunzi chimodzi, umajambula mutu padera, phiko padera. Mavu akuda aja okoka akangaude ndiye iwalani, sakhazikika komanso aja amaluma zenizeni, sindingaike chala pafupi choncho ine. Kukachita chifunga ngati mmene kumachitira ku Ku Chawe m'mawa galasi limachita nthunzi, kupukuta ndi malaya mpaka kutopa. Kasipuling'i ka chopanira nako kayamba kale kulefuka, pano ndimamangira mphira.

Pa 5 ndikapatsa 3. Ngati mukugula, kayeseni kaye pa foni yanu pomwepo, mafoni a makamera atatu ena kamakana kukhala bwino.