Mgaiwa wa mumsika wa Zomba ndiwo woyenera festival wa ku Jamaica

Festival ndi timandasi titalititali ta ku Jamaica, totsekemera pang'ono, ta ufa wachimanga wosakaniza ndi fulawa. Pa ufa wogulitsidwa mumsika wa Zomba, mgaiwa ndiwo ukuyenera. Ufa woyera ndi wosalala kwambiri, moti festival wake amangokhala mandasi wamba. Mgaiwa umam'khukhutitsa kunja n'kusiya kafungo ka chimanga.

Vuto lake ndi gaga, choncho usefeni kawiri. Nunkhizaninso musanagule, poti wokhalitsa umawawa chifukwa cha mafuta a mumtima wa chimanga.

Sakanizani kapu imodzi ndi theka ya fulawa, theka la kapu ya mgaiwa, masupuni 3 a shuga, masupuni aang'ono 2 a baking powder ndi kamchere. Thirani mkaka pang'onopang'ono mpaka muziumba osamatirira m'manja, kenako vundikirani mphindi 20 kuti mgaiwa umwe madzi. Mukafulumira, mudzamva ngati mchenga m'kamwa.

Umbani motalika ngati chala chachikulu. Pambaula chepetsani makala, chifukwa mafuta akatentha kwambiri shuga amapserera kunja m'kati musanapse. Mphindi 6 mpaka 8 mukutembenuza zikwana. Ndi makumba okazinga a ku Chilwa amakoma zedi!