Gold Reef City nyengo ya mvula: malo ngabwino, koma fikani m'mawa

Gold Reef City, paki ya zosangalatsa ya ku Ormonde kumwera kwa Johannesburg, njoyenera ndalama yake, ndipo ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5. Nyenyezi imodziyo ndachotsa chifukwa zokwera zikuluzikulu pafupifupi zonse zili pamtetete, ndiye tsiku lanu limadalira nyengo. Amene mukufuna kupitako pakati pa Okutobala ndi Malichi, makamaka pa holide ya Disembala pomwe abale ochokera kumudzi amabwera kudzacheza, konzani ulendo molingana ndi mvula.

Mvula ya kuno ili ndi khalidwe lake. Kumacha bwinobwino, dzuwa lili phwee, kumwamba kopanda kamtambo. Ikamakwana 2 kapena 3 koloko masana mitambo yakuda imaunjikana, kenaka chimvula cha mabingu, nthawi zina ndi matalala omwe. Kawirikawiri sichichedwa kukata, koma chimagwa nthawi imene mizere yatalika. Choncho kufika 12 koloko n'kudzimana. Khalani pageti pakiyo isanatsegulidwe.

Mukalowa, yambani ndi zazitali zachitsulo, chifukwa ndi zimene zimaima msanga kukayamba ziphaliwali. Tower of Terror, imene imakugwetsani chamutu kulowa m'dzenje la mgodi, ikhale yoyamba. Kenaka Anaconda, ija mumakhala kunsi kwa njanji miyendo ili lendee, ndiyeno Golden Loop ndi Jozi Express. Giant Wheel musaisungire madzulo. Njayitali ndipo mphepo yamkuntho imaikhudza. Zamadzi monga Raging River Rapids ndi Log Ride zikwereni dzuwa likadali pamutu kuti zovala ziume. Kukangowaza pang'ono popanda mabingu, mzere wake umafupika, ndipo palibe chimene mwataya poti mukadanyowabe.

Zokwera zikaimitsidwa, musakalipire ogwira ntchito. Chifukwa chake nchomveka. Njanji zazitalizo ndi chitsulo chokhachokha, malo amene mphezi imakonda kugwa. Zikanyowa, matayala okankha sitima ndi mabuleki sagwira monga mwa masiku onse, ndipo madontho a mvula amabaya kumaso sitima ikamathamanga. Mvula ikakata, pamafunika nthawi yoyendera njanji ndi kuyendetsa sitima yopanda anthu, ndiye musayembekeze kukwera pomwepo. Inunso mungathe kuyeza nokha: mukaona chiphaliwali, werengani masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi 3 ndi pafupifupi kilomita imodzi. Akachepera 30, lowani m'nyumba, osati pansi pa mtengo, ndipo dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza.

Apa mpamene Gold Reef City imaposa mapaki ambiri. Inamangidwa pa mgodi weniweni wa golide, Shaft 14 ya Crown Mines, choncho ili ndi zoonera zosafuna dzuwa: ulendo wotsikira pansi mumgodi, chionetsero cha kusungunula ndi kuthira golide, nyumba zosonyeza moyo wa anthu a kumigodi kalelo, komanso kanema wa 4D. Kwa ife amene agogo athu anagwirako ntchito m'migodi ya kuno, kutsikira pansipo sikungothawa mvula ayi. Ana amaona ndi maso awo mdima ndi kupanikizika kwa malo amene makolo ankatuluka thukuta. Funsani nthawi ya zionetserozi ndi mtengo wake mukangolowa, kuti muziike masana. Mukadikira mpaka mvula iyambe, aliyense amathamangira komweko. Apartheid Museum, nyumba yosungiramo mbiri ya ulamuliro wa tsankho, ili pafupi pomwepo, koma ili ndi tikiti yakeyake ndipo imafuna maola angapo.

Pa zonyamula, ambulera njosathandiza kwenikweni: mphepo imaitembenuza ndipo simungakwere nayo. Tengani lenikoti yopepuka aliyense yake, kathumba kapulasitiki kotseka pakamwa kosungiramo foni, ndi zovala zosinthira za ana kuphatikizapo masokosi. Nsapato zikhale zomanga. Masilipasi amaterera pansi ponyowa ndipo amavuka pa Anaconda. Yezani msinkhu wa ana kunyumba, chifukwa zokwera zoopsazo zili ndi malire a kutalika.

Musanalipire, onani zanyengo za South African Weather Service dzulo lake ndi m'mawa womwewo. Machenjezo awo ali ndi mitundu itatu, wachikasu, wa olenji ndi wofiira. Mukaona wa olenji kapena wofiira wa mabingu ku Gauteng, chigawo chimene muli Johannesburg, sinthani tsiku. Chimodzimodzinso akalosera mvumbi wa tsiku lonse. Werengani malamulo a tikiti okhudza kusintha tsiku ndi kubweza ndalama, ndipo tsimikizani masiku amene pakiyo imatsegula, chifukwa amasintha malingana ndi holide za sukulu. Pobwerera, ngati kukugwa matalala, dikirani. Msewu wa M1 umadzadza magalimoto ndipo sikuoneka bwino kutsogolo.

Amene mungathe kusankha mwezi, pitani pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Mvula imasowa, kumwamba kumakhala mbee, kungoti m'mawa kumazizira kwambiri, ndiye nyamulani juzi, ndipo zamadzizo zikwereni cha m'ma 1 koloko.