Miyezi 18 chichitireni opaleshoni yachiwiri ya kakolo

Kakolo wochita kuikidwa ndinayenda naye zaka 7. Zaka zisanu zoyambirira ndinkachita kuiwala kuti m'mwendo mwanga muli zitsulo. Kenako ululu unayamba mwakachetechete. Ndikadzuka pampando n'kuponda koyamba, unkandilasa mkatikati mwa fupa, koma ndikayenda pang'ono unkazizira. Ndinapirira nthawi yaitali ndisanakaonetse, ndipo kuzengereza kumeneko ndimadandaula nako mpaka lero.

Kakolo wotere amakhala ndi chitsulo chimodzi kumapeto kwa fupa la msongolo, china chovindikira kafupa ka pamwamba pa chidendene kotchedwa talus, ndipo pakati pamakhala pulasitiki yolimba. X-ray sinaonetse zambiri. CT scan, yomwe imajambula mafupa mwatsatanetsatane, ndi imene inaulula zonse: chitsulo chapansi chinali chitayamba kugwedera n'kumamira mu talus, ndipo m'fupamo munali mutachita mphako. Asananene chochita, adokotala anayeza magazi a CRP ndi ESR, amene amaonetsa ngati m'thupi muli kutupa, n'kupopa madzi a m'kakolomo ndi jakisoni kuti aone ngati muli tizilombo. Mwamwayi munalibe. Mukanapezeka tizilombo, akanayamba achotsa zitsulo n'kuikamo simenti yosakaniza ndi mankhwala, ine n'kudikira milungu ingapo opaleshoni ina isanachitike.

Njira zinalipo ziwiri. Ina inali kuika kakolo watsopano wa tsinde lalitali lolowa m'fupa la msongolo, monga wa mtundu wa INBONE. Inayo inali kulumikiza mafupawo kuti agwirane n'kukhala fupa limodzi, zimene madokotala amati arthrodesis. Mtima wanga unali pa yoyamba ija. "Adokotala, simungangosintha chitsulo chokhacho?" Iwo anatembenuzira kompyuta kwa ine n'kundionetsa talus imene inatsala, kachidutswa chabe. Chitsulo chatsopano chimafuna fupa loti chikhalepo, ndipo langa linali litadyeka m'miyezi imene ndinkapirira ija.

Choncho anachotsa zonse. Mpata umene unatsala anaudzaza ndi fupa la munthu wina losungidwa kuchipatala, kuphatikizapo langa limene anatapa m'chiuno. Kenako analowetsa chitsulo chachitali ngati msomali kudzera kunsi kwa chidendene, kudutsa mu talus mpaka m'fupa la msongolo. Zimenezi zinatseka kakolo pamodzi ndi mfundo ya pansi pake, imene imathandiza phazi kupendekera uku ndi uku.

Milungu 12 osaponda. Chikhakha choyamba, kenako nsapato yaikulu yapulasitiki yogwira mwendo kuti usagwedere, ndodo, mankhwala oletsa magazi kuundana. Chodabwitsa n'chakuti bala la m'chiuno linandisowetsa tulo kuposa la kakolo.

Nthawi yovuta kwambiri inali mwezi wachisanu. CT inaonetsa kuti kumtunda fupa lagwira, koma kumunsi kunkaonekabe kamzere kakuda kosonyeza kuti silinagwire. Adokotala anali atandichenjeza kale kuti kulumikiza mafupa pamene pachotsedwa kakolo wochita kuikidwa n'kovuta kuposa pamene sipanagwirepo mpeni, chifukwa fupa la munthu wina lija lilibe magazi akeake, limadikira kuti lanu lilowerere. Anandifunsanso kachiwiri ngati ndimasuta fodya kapena ngati ndili ndi matenda a shuga, poti zonsezi zimachedwetsa fupa kugwira. Ayi, ndilibe zonsezo. Vitamini D ndi amene anapezeka wochepa, ndipo anandipatsa mapiritsi. Miyezi itatu yotsatira ndinkaponda mwamantha, kaululu kalikonse ndinkangoti basi zakanika. Ofufuza nkhaniyi amalemba zambiri za mafupa, koma mantha amenewa sindinamvepo wina akundikonzekeretsa. Pa mwezi wa 8 kamzere kaja kanali katatsekeka, ndipo ndinalira m'chipinda cha adokotala momwemo.

Nanga lero zili bwanji? Ululu wolasa uja unatheratu, ndipo ichi ndiye chachikulu. Pamalo osalala ndimayenda ola lathunthu popanda ndodo, ndipo amene sakundidziwa sazindikira msanga kuti ndimatsimphina. Ndimagona bwino. Mankhwala a ululu ndinasiya pa mwezi wa 10.

Koma phazi silipinda, ndipo silidzapindanso. Pa chitunda ndimakwera chammbali. Potsika masitepe mwendo wodwalawo umatsogola. Pamiyala kapena paudzu wa zibuma ndimayenda maso ali pansi, chifukwa phazi silitha kudzikonza lokha likaponda mopendekera. Kunjuta sindingathe. Mwendowu unafupikirako pafupifupi sentimita imodzi, motero mu nsapato ndimaikamo kokwezera, ndipo nsapato za pansi pokhota ngati mpando wogwedeza ndi zimene zimandiyendetsa bwino. Katumba anafota ndithu, ngakhale ndinalimbikira mafizo. Madzulo phazi limatupabe ndikaima nthawi yaitali, ndipo pafupi ndi chipsera pali dzanzi limene silinasinthe. Pa mwezi wa 13 ndinabwereranso kuti akachotse kachitsulo kamodzi komangira msomali uja, kamene kankandibaya kumbuyo kwa chidendene ndikavala nsapato. Inali opaleshoni yaing'ono, ndipo ndikanadziwa mpumulo wake ndikanapempha msanga.

Mukandifunsa ngati ndingavomerenso, yankho ndi inde, mosakayika. Chimene sindingavomereze ndi mawu amene achibale ena ankandilimbikitsa nawo, akuti akangokonza mubwerera mwakale. Sindinabwerere mwakale. Ndinapeza mwendo wodalirika wosapweteka, n'kutaya kupinda kwake, ndipo kwa ine kusinthanaku kunali koyenera.

Chimene chikundidetsa nkhawa tsopano ndi timfundo ta pakati pa phazi, timene tasenza ntchito ya kakolo. Ndikayenda mtunda wautali timanyong'onya, ndipo adokotala akuti m'kupita kwa zaka nyamakazi itha kugwira pamenepo. Andiuza kuti ndizikajambulitsa chaka ndi chaka. Ulendo uno tsiku ndinalemba kale, ndipo ndikamva kaululu kachilendo ndidzapita tsikulo lisanakwane.