A social akakutengerani mwana kuno ku England

Abale anga a ku Kasungu, makamaka inu amene ana anu ali kuno ndi zidzukulu, imvani izi. Mnzanga wa kutchalitchi, kwawo ndi cha ku Santhe, anakwapula mwana wake ndi lamba, mawa lake aphunzitsi anaona mikwingwirima kumwendo ndipo pofika madzulo a social (a ku khonsolo oona za chitetezo cha ana) ndi apolisi anali pakhomo. Kwathu timangoti kulanga mwana koma kuno chipsera chikaoneka ndi mlandu basi, ku Scotland kuyambira 2020 ndi ku Wales kuyambira 2022 olo kambama kakang'ono nkoletsedwa.

Apolisi atha kumusunga mwana mpaka maola 72 opanda chilolezo cha khothi. Ndiye panabwera pepala loti asaine, amati section 20 ya Children Act ya 1989, mayi uja anali atangoweruka shifiti ya usiku yosamalira okalamba, yunifomu ili m'thupi, manja akunjenjemera cholembera chikukanika kugwirika, akuganiza kuti akakana amulanda viza. Chonsecho pepala lija limatanthauza kuti wavomera wekha kuti khonsolo isunge mwana, uli ndi ufulu wokana komanso wofunsa loya kaye. Ife tinakula tikuopa aboma, wa muofesi akati saina timasaina, ndiye mantha amenewa ndi amene amatipweteka kuno.

Chimene ambiri sadziwa, khonsolo ikatengera nkhani ya mwana wako kukhothi loya ndi waulere kudzera mu legal aid, safunsa kuti umalandira zingati. Womasulira Chichewa naye utha kupempha, musachite manyazi kuti azakusekani chizungu, mawu a kukhothi ndi ena. Loya wa mnzangayu anali mayi wodekha zedi, anamukhazika pansi nkumuuza kuti asaname, asabise za lamba uja, apite kumaphunziro a kaleredwe ka ana komanso asaphonye tsiku lokaona mwana ngakhale kuntchito avute bwanji. Mwanayo anali ndi loya wakewake ndi munthu womuyankhulira wa ku Cafcass, bungwe loona za ubwino wa ana kukhothi. Lamulo limati nkhani izitha mkati mwa masabata 26, ukachedwa kudzuka upeza zambiri zagamulidwa kale. Bungwe la Family Rights Group nalo limapereka malangizo aulere pafoni.

Tsono pamene mukubwerapo inu ndi apa. Loya anafunsa msanga maina a abale amene angalere mwanayo zikavuta, chifukwa khothi limayang'ana kaye kubanja lisanaganize zomupereka kwa anthu achilendo, ndipo abale a kunja nawo atha kuunikidwa. Agogo ake ku Santhe anawafuna pa WhatsApp koma foni inali yozima masiku angapo, kenako malume anayamba zokalipa kuti mwana ndi wathu azungu asatiuze zochita. Mawu amenewo amalembedwa ndithu. Chonde a social kapena loya akakuimbirani yankhani modekha, nenani zoona za nyumba, sukulu ndi chipatala chapafupi.

Mwana anabwerera kwa mayi ake, koma a social akumabwerabe kudzaona mmene akukhalira.