Mabedi ndi wamba, koma anthu ake ndi ena: ndemanga ya malo amene tinafikira ku Lusaka

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yachisanuyo ndaimana chifukwa cha madzi osamba ndi malokala, ndipo ndifotokoza m'munsimu. Koma Mmalawi mnzanga atandifunsa lero kuti ku Lusaka akafikire kuti, ali ndi chikwama chakumsana ndi ndalama zowerengeka, ndingamulozere pano mosazengereza.

Tinali anayi, tonse a ku Lilongwe, ndipo tinanyamuka mu June, chisanu chili pachimake. Ulendo tinauyenda moduladula kuti tipulumutseko ndalama: minibasi mpaka ku Mchinji, takisi mpaka pa boda, takisi ina mpaka ku Chipata. Kuyambira mu 2022, za boda ya Mchinji ndi za boda ya Mwami, ya mbali ya Zambia, zimachitikira pamalo amodzi, ndiye kudinditsa mapasipoti sikunatidyere nthawi, komanso Mmalawi safunika viza. Kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road. Mumadutsa Katete, Petauke, Nyimba, kenako mapiri okhotakhota aja otsikira pa mlatho wa Luangwa, pomwe amayi amayala nsomba zouma ndi madengu m'mbali mwa msewu. Munthu umafika miyendo itatupa, msana uli gwa. Pamenepo m'pamene umadziwa ngati malo ogona ali ndi anthu oganiza.

Asisi a pa resepishoni anayamba kutisamala tisanafike. Tili cha ku Chongwe anatilembera pa WhatsApp kuti pa Intercity, depoti yaikulu ija ya pa Dedan Kimathi Road, tisapatse aliyense chikwama kuti atinyamulire, tituluke kaye pageti, kenako tiitane galimoto pa Yango, pulogalamu ya pa foni yoitanira takisi. Zinatithandiza kwambiri chifukwa anyamata oitanira amakuzungulira phazi lisanaponde pansi, aliyense akukukokera kwake. Simu khadi ya ku Zambia gulirani ku Chipata, amalembetsa ndi pasipoti, kuti mukamafika mukhale muli kale pa intaneti. Titalowa pageti, asisiwo sanayambe ndi mafomu. Anati, "Khalani kaye pansi, mumwe madzi, zolemba tichita mukapuma."

Chipinda chinali cha anthu ambiri, cha mabedi osanjikiza. Zofunda zinali zochapa, zonunkhira sopo, ndipo titanena kuti kukuzizira anatiwonjezera mabulangete popanda kulipiritsa. Lusaka ili pamtunda, ndiye usiku wa mu June musauderere, tengani juzi yeniyeni. Matiresi ndi opyapyala koma ogoneka. Bedi lililonse lili ndi neti, ngakhale ya mnzathu wina inali yobooka pakona ndipo anaisintha tsiku lotsatira. Masoketi ndi ochepa, moti madzulo mafoni amachita kudikirana. WiFi imagwira bwino pakhonde, m'chipinda imavutirapo. Pa nkhani ya chipinda palibenso zambiri zonena.

Zambiri zili kukhitchini. Malowa ali ndi khitchini yoti alendo aziphika okha, ndipo ife tinakonzeratu kuti tizidya zophika tokha chifukwa kudya m'malesitilanti a ku Manda Hill kapena ku East Park tsiku ndi tsiku kukanatithera ndalama ya basi yobwerera. Tinapita ku Soweto Market kukagula ufa, tomato, anyezi, kapenta ndi nkhwani. Msika umenewu ndi waukulu, wothithikana, mawilibala akukupemphani njira uku ndi uku, ndipo foni muziisunga m'thumba lakutsogolo. Titabwerera tinapeza kuti m'khitchini muli mapoto opyapyala ophikira supageti ndi masipuni achitsulo basi. Mthiko munalibe, chipande munalibe. Zikuoneka kuti oikonza ankaganizira alendo ochokera kutsidya kwa nyanja okha.

Tikukambirana chochita, analowa amayi ena amene amakonza m'zipinda. Anaima pakhomo n'kumvetsera kaye, kenako anafunsa kuti, "Ana anga, kwanu n'kuti?" Titati ku Lilongwe, nkhope yawo inawala. Iwo kwawo ndi ku Katete, ndipo anati a ku Malawi amawaona chaka ndi chaka ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, pomwe mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakagwada kwa Kalonga Gawa Undi kumapeto kwa August. Anatifunsa ziwongo zathu mmodzimmodzi. Mnzathu wina atati ndi Naphiri, amayiwo anaomba m'manja n'kuti ndiye mwana wa achimwene awo ameneyo. Anatuluka, ndipo pobwera anali ndi poto wawo wokhuthala, mthiko ndi chipande zomwe amaphikira nkhomaliro ya antchito kuseri.

Sanangotibwereka n'kuchoka. Anaona nkhwani wathu n'kuti sitingadye wosatendera iwo alipo, ndipo anatapa nsinjiro m'kachitini kawo. Anakhala pa mpando wamfupi n'kumasadzula nkhwaniwo, zala zikuyenda mwachangu, uku akutilangiza kuti ufa woyera wa m'masitolo a kuno umalimba msanga, tisauthire wambiri nthawi imodzi. Magetsi atazima nsima ili pakati, sanatekeseke. Anaitana abambo a pageti kuti abweretse mbaula yawo yowothera, n'kusamutsira potoyo pamakala, ntchito n'kupitirira. Abambowo ndi Mbemba, ndipo pofika ndi mbaula anayamba kutiseka kuti anthu akum'mawa tabisa kuti mbewa zathu. Amayi aja anawabwezera kuti apite akasake anyani awo. Ndi chibale chanthabwala chimene chilipo pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa kwa Zambia, ndipo usiku umenewo anatilowetsamo ifenso. Tinadyera limodzi pakhonde, pamodzi ndi atsikana awiri a ku Germany amene amayiwo anawaphunzitsa kutema mbamu ya nsima ndi dzanja.

Anthu omwewa ndi amene anatisonyeza Lusaka yeniyeni. Pa bolodi la pa resepishoni pali zithunzi za maulendo olipira okaona nyama, koma amayi aja anati choyamba tipite ku Chilenje, pa nyumba nambala 394, pomwe a Kenneth Kaunda ankakhala kuyambira 1960 mpaka 1962 pa nthawi yomenyera ufulu. Abambo a pageti anatilembera pa pepala minibasi yoti tikwere ndi poti titsikire. Ndi kanyumba kakang'ono, katundu wake ndi wamba, ndipo panja pali Land Rover yakale imene ankayendera. Kwa ife a ku Malawi malowa ali ndi kulemera kwina, poti bambo awo, a David Kaunda, anachokera ku Nyasaland kukaphunzitsa ku Lubwa, m'boma la Chinsali. Maiko awiriwa anamangidwa m'chitaganya chimodzi kuyambira 1953 mpaka 1963, ndipo onse analandira ufulu mu 1964, ife pa 6 July, iwo pa 24 October. Ukaima m'kanyumba kaja umamva kuti nkhaniyo ndi yathunso. Tsiku lomwelo tinayenda mu Independence Avenue kukaona Freedom Statue, chiboliboli cha munthu akudula unyolo, ndi Lusaka National Museum yomwe ili pafupi pomwepo. Ku Kabwata Cultural Village tinangodutsa mwachidule. Pali nyumba zozungulira zaudzu za nthawi ya atsamunda, ndipo amagulitsamo ziboliboli ndi zitenje. Mitengo ndi yokambirana.

Lamulungu amayi aja sanali pantchito, koma anatiitana kunyumba kwawo akaweruka kutchalitchi. Tinadodoma poyamba, poganiza kuti tikawalemetsa, koma iwo anati, "Mlendo ndi mame. Mukapita osaona pomwe ndimakhala, kwanu mukanena kuti munakumana ndi ndani?" Tinagula shuga, mafuta ophikira ndi sopo kuti tisalowe chimanjamanja. Nyumba ndi ya zipinda ziwiri, m'komboni, pabwalo posesa bwino. Mwana wawo wamkazi anabwera ndi beseni ndi jagi, nagwada n'kutisambitsa m'manja kuyambira wamkulu. Anapha nkhuku yachikuda, ndipo nthutumba anaiika m'mbale ya mnzathu Naphiri uja. Panalinso kholowa, therere ndi chikanda chodula mapisimapisi, chothira tsabola pang'ono. Titatha kudya anatipatsa munkoyo wozizira, chakumwa cha chimanga chimene amachikonza ndi mizu ya chomera cha dzina lomwelo, chowawasira pang'ono. Mmodzi wa ife atatulutsa ndalama kuti athokoze, amayiwo anaikankha n'kunena kuti, "Iyayi mwanangu, iyi ukamwere tiyi panjira." Anatiperekeza mpaka pa siteji, n'kuima pomwepo kufikira minibasi itanyamuka.

Ndinene momveka kuti zimenezi sizili pa mndandanda wa zomwe mumalipira. Musafike n'kumayembekezera kuti wantchito akutengerani kwawo. Unali mtima wawo chabe. Ndazilemba kuti eni malowa adziwe kuti chimene chingatibweretsenso si utoto wa pakhoma kapena nyimbo za ku bala. Ndi amayi amene amafika m'mawa kudzakolopa, abambo amene amachezera pageti usiku wonse ndi chisanu, ndi asisi amene amayankha foni ngakhale nthawi itatha. Anthu oterewa muziwalipira bwino ndi kuwasunga.

Tsopano zodandaula. Madzi otentha amatha msanga. Ukadzuka mochedwa pang'ono umapeza giza itazizira, ndipo kusamba madzi ozizira mu June ku Lusaka ndi chilango. Masiku amene magetsi anazima usiku, m'mawa kunalibiretu madzi otentha. Kuzima kwa magetsi si mlandu wa malowa, poti madzi akachepa ku damu la Kariba, komwe amapangira magetsi, dziko lonse limavutika, koma sola yomwe ali nayo imangoyatsa mababu a pakhonde ndi WiFi. Akanatha kumatenthetsa madzi pa mbaula n'kuika m'mabigili, alendo sitikanadandaula. Chachiwiri ndi malokala. Ndi aang'ono, amangolowa pasipoti, foni ndi kachikwama kam'manja, pomwe malowa ndi a anthu oyenda ndi zikwama zikuluzikulu. Chikwama chachikulu chimagona pansi pa bedi, ndipo ngakhale sitinasowe kanthu, mtima sukhala m'malo ukakhala kutauni tsiku lonse. Loko bweretsani wanu. Chachitatu, Lachisanu usiku nyimbo za ku bala zimapitirira mpaka pakati pa usiku, ndiye ngati mukulawira m'mawa pemphani chipinda chakumbuyo.

Kwacha ya kwathu sanailandire pa desiki, choncho sinthiranitu ndalama musanafike ku Lusaka. Ife tinalipira ndi kwacha ya ku Zambia, zina kudzera pa foni. Tikiti ya basi yobwerera ku Chipata kaguleni dzulo lake pa Intercity, chifukwa mabasi ambiri amanyamuka m'bandakucha. Mukawauza abambo a pageti nthawi yanu, amabwera kudzagogoda pawindo, ndipo ife anatidikirira panja mpaka galimoto itafika, n'kuyang'ana nambala yake kuti ikugwirizana ndi ya pa foni tisanakwere.