libgit2, gitoxide kapena git yeniyeniyo: malamulo atsopano a Git akhale pa maziko ati?

Git ndi pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kwa code. Wofuna kulembanso malamulo ake (ma command monga `add` ndi `commit`) kuti agwire ntchito m'kati mwa pulogalamu ina amapeza kuti code ya Git singatengeke momwe ilili. Vuto limayambira m'kalembedwe kake. Linus Torvalds anailemba mu 2005 ngati timapulogalamu togwira ntchito imodzi kenako n'kutseka. N'chifukwa chake code yake ikapeza cholakwika imangoitana `die()`, pulogalamu yonse n'kufa ndi nambala 128, ndipo memory ina siibweza popeza ikudziwa kuti itseka posachedwa. Pa terminal zimenezi sizivuta. Koma code yotere ikalowa m'seva yoyenda miyezi osazima, fayilo imodzi yowonongeka imagwetsa seva yonse. Subversion, pulogalamu ina yosunga mbiri ya code, ilibe vuto limeneli, chifukwa lamulo lake la `svn` linamangidwa pa laibulale ya libsvn_client kuyambira pachiyambi.

Wofuna kulembanso malamulo a Git pa maziko amodzi ali ndi njira zitatu.

libgit2 ndiyo yakale komanso yokhwima. Inalembedwa mu C, ndipo ikalephera imabweza nambala ya cholakwika m'malo mopha pulogalamu. Laisensi yake ndi GPLv2 yokhala ndi chilolezo chapadera choti muilumikize ku pulogalamu ya laisensi ina iliyonse. Mu Python mumaifikira kudzera pa pygit2, mu Ruby pa Rugged, mu Rust pa git2. Kuwerenga ma object (zinthu zimene Git imasunga), kuyenda m'mbiri ya ma commit, kupanga diff, zonsezi imachita bwino. Pomwe imapwetekera n'pakuti nthawi zonse imatsalira m'mbuyo mwa Git. Shallow clone (kukopera repo ndi mbiri yaposachedwa yokha) inafika mu 2023, pa libgit2 1.7, Git itakhala nayo zaka zambirimbiri. Ma hook, ma script amene Git imayendetsa pa nthawi zina monga isanapange commit, libgit2 siiyendetsa yokha: mukalemba `commit` wanu pa libgit2 n'kuiwala zimenezi, `pre-commit` wa munthu sadzayenda, ndipo palibe uthenga womuchenjeza. Chimodzimodzinso ma filter akunja otchulidwa mu `.gitattributes`. Pa repo ya Git LFS, chida chosungira mafayilo akuluakulu kunja kwa repo, checkout imakusiyirani kafayilo ka mizere itatu kolozera chinthu, osati chinthucho. Mpake kuti Visual Studio 2017 inasiya libgit2 n'kuyamba kuitana git.exe, komanso kuti Cargo, chida cha Rust chotengera ma package, ili ndi `net.git-fetch-with-cli` pothawirapo zikavuta.

gitoxide, ya Sebastian Thiel, ndi ya Rust ndipo inagawidwa m'ma crate (malaibulale a Rust) ang'onoang'ono, kotero mumangotenga zomwe mukufuna. Imathamanga powerenga ma packfile, mafayilo amene Git imapanikiziramo ma object ambiri, chifukwa imagawira ntchito ma thread angapo. Koma ikadali kukula, ndipo API yake imasintha kawirikawiri. Ngati gulu lanu silidziwa Rust, musadzinamize kuti muphunzirira pomwepo.

Njira yachitatu ambiri amainyoza, koma ndiyo simanama: kuitana `git` yeniyeniyo n'kuwerenga zomwe yatulutsa. Mtengo wake ndi nthawi yoyambitsa pulogalamu pa lamulo lililonse, makamaka pa Windows. Mumauchepetsa posiya `git cat-file --batch` ili yotsegula n'kumaitumizira ma hash mmodzimmodzi. Muziwerenga `git status --porcelain=v2 -z`, osati uthenga wolembera anthu, umene umasintha malinga ndi chilankhulo cha kompyuta.

Kunena zoona, kusankha imodzi yokha n'kudzivuta. Jujutsu, chida china chogwira ntchito pa ma repo a Git, imawerenga ndi kulemba ma object ndi gitoxide, koma fetch ndi push imasiyira git yeniyeni, popeza kumeneko n'komwe kuli SSH, ma proxy ndi ma credential helper amene munthu anakonza kale. Kagawidwe kameneka n'kanzeru.

Maziko alionse amene mwasankha, yambani ndi malamulo ongowerenga: `cat-file`, `rev-parse`, `ls-tree`, `rev-list`. Akalakwitsa sawononga kanthu. Lamulo limene simunalembe lizipititsidwa kwa git yeniyeni, kuti chida chanu chigwire ntchito kuyambira tsiku loyamba. Mayeso musapeke anu: Git ili ndi mazanamazana m'foda ya `t/`, ndipo `GIT_TEST_INSTALLED` imawalozetsa ku pulogalamu yanu. Ambiri adzalephera pa zinthu zooneka zopepuka, monga mawu enieni a uthenga wa cholakwika kapena nambala yotulukira, koma ma script a anthu amadalira zomwezo.

Malamulo olemba mu index (fayilo yosunga zimene zidzalowe mu commit yotsatira), monga `add` ndi `checkout`, abwere pomaliza. Lembani zatsopano mu `.git/index.lock`, mukamaliza musinthe dzina lake kukhala `index`. Pulogalamu yanu ikafera pakati osachotsa lock imeneyo, git yeniyeni idzakana kulemba mu index mpaka munthu afufute fayiloyo pamanja.